Kodi "Rocket Scientist" Ndani?

Awerengi a nyuzipepala za Chingerezi, makamaka aphunzitsi ndi akalaliki a Boma, amakumana kawirikawiri ndi mawu akuti "rocket scientist". Mawuwa amanena za akatswiri opanga maroketi ndi zombo zopita kuthambo. Komatu ambiri mwa iwo si asayansi ayi, ndi mainjiniya. Wasayansi amafufuza malamulo a chilengedwe, pamene injiniya amatenga malamulowo napanga nawo chombo choyenera kuuluka osaphulika.

Anthu a ntchitoyi anamveka ponseponse kuyambira mu 1957, pamene dziko la Soviet Union linaponya Sputnik kuthambo. Amene anatsogolera ntchitoyo anali Sergei Korolev, koma boma lake linabisa dzina lake kufikira imfa yake mu 1966. Ku America kunali Wernher von Braun wa ku Germany, yemwe kale anapanga V-2, chida cha nkhondo. Iyeyu ndiye anatsogolera kupanga Saturn V, roketi imene inanyamula anthu opita kumwezi mu 1969.

M'kulankhula kwa masiku onse, mawuwa asanduka mwambi. Wolankhula Chingerezi akafuna kunena kuti ntchito njapafupi, amati siilira katswiri wa maroketi. Choncho mkulu wa ofesi akauza kalaliki mawu amenewa, kalalikiyo asasekerere. Akumudzudzula mwaulemu kuti wachedwa pa kanthu kosavuta.