Paki Yoopedwa Imene Inasanduka Sukulu ya Ana

Mumzinda wa Milwaukee, m'chigawo cha Wisconsin ku America, muli paki yotchedwa Riverside, m'mbali mwa mtsinje wa Milwaukee. Masiku ano ana a sukulu amapitako ndi aphunzitsi awo kukaona mbalame, kubzala mitengo ndi kupalasa bwato. Koma m'zaka za m'ma 1980 anthu ambiri ankaopa kupondako. Mbiri ya malowa ili ndi phunziro kwa ife amene tikulera ana m'matauni.

Mapulani a pakiyi anawajambula m'zaka za m'ma 1890 katswiri Frederick Law Olmsted, mmodzi mwa anthu awiri amene anakonza Central Park ku New York. Mabanja ankabwera kudzasambira ndi kudzapumula pansi pa mitengo. Kenaka zonyansa za m'mafakitale ndi m'ngalande zinaipitsa mtsinje. Anthu analeka kubwera, tchire linakula, zinyalala zinaunjikana, ndipo achifwamba anapeza pobisala.

Mu 1991 anthu okhala pafupi anatopa nazo. Anayamba ndi kutola zinyalala. Mmodzi mwa otsogolera anali Dr. Else Ankel, wasayansi amene ankathandiza pasukulu ya sekondale yoyandikana ndi pakiyo. Maganizo awo anali akuti malo amene mumakhala ana ndi aphunzitsi tsiku ndi tsiku, wachifwamba sakhalamo momasuka. Motero kunabadwa bungwe la Urban Ecology Center. Kwa zaka zoposa khumi, kalasi ndi ofesi yawo zinali m'kanyumba konga kalavani.

Anasankha kutumikira sukulu zimene zili pamtunda wosapitirira makilomita atatu kuchokera pamalopo, kuti mwana azibwera mobwerezabwereza, osati ulendo umodzi wokha pachaka. Mwana akaona mtengo womwewo ukuphukira, kubereka ndi kuyoyola masamba, amayamba kuutenga ngati wake, ndipo chako sumachiwononga. Umbanda m'pakimo unachepa. Mtsinje nawo unayamba kuchira, makamaka damu la North Avenue litagumulidwa mu 1997, madzi n'kuyambanso kuyenda bwino.

Mu 2004 anatsekula nyumba yawoyawo, yokhala ndi masola padenga ndi matanki osungira madzi a mvula. Nthambi yachiwiri inatsekulidwa ku Washington Park mu 2007, yachitatu ku Menomonee Valley mu 2012, dera limene kale linali la mafakitale ndi njanji. Mamembala amabwereka njinga, mabwato ndi matenti, kuti banja losowa ndalama zogulira zinthuzi lisamanidwe mwayi wotuluka panja.

Ife a Adventist timaphunzitsa kuti mpweya wabwino, dzuwa, madzi ndi kulimbitsa thupi ndi mankhwala amene Mulungu anatipatsa kwaulere. Dzuwa limathandiza khungu kupanga vitamini D yolimbitsa mafupa, ndipo bungwe la zaumoyo la WHO limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azisewera mothamangitsa magazi kwa mphindi 60 patsiku. Timawerenganso m'Genesis kuti munthu woyamba anaikidwa m'munda kuti aziulima ndi kuusamala. Komabe tinene zoona: ana athu ambiri a m'tauni amathera masana a Sabata m'nyumba, maso ali pafoni. Tikawauza kuti atuluke, apita kuti ngati dambo la pafupi ladzaza mapulasitiki ndi mabotolo osweka?

Apa ndi pamene a ku Milwaukee akutiphunzitsa. Iwo sanayambe ndi nyumba yokongola. Nyumbayo inabwera patapita zaka 13. Anayamba ndi matumba otoleramo zinyalala, kagulu ka ana, ndi akuluakulu osatopa kubwerera pamalo omwewo.

Pafupi ndi tchalitchi chathu mwina pali kamtsinje kapena kaphiri kamene aliyense anakataya. Tikambirane ndi amfumu kapena khonsolo. Lamulungu tikayeretse limodzi ndi a Pathfinder, titavala magolovesi ndi nsapato zolimba, ndipo ana asalowe m'madzi oima chifukwa cha likodzo. Sabata masana tibwerereko kukaphunzira mayina a mitengo ndi mbalame, agogo akhale aphunzitsi athu. Mwezi wotsatira tipitenso komweko, kenaka winawo. M'mera mpoyamba.