Osewera magemu ayamba kufulatira makampani akuluakulu

TETE — Makolo ambiri m'maboma a m'malire amadziwa magemu a pa kanema kudzera mwa ana awo, amene amapempha ndalama zokasewerera mpira wa pa PlayStation kumsika, kapena kubwereka foni ya achimwene awo. Koma kumaiko kumene magemuwa amapangidwa zinthu zikusintha. Osewera ambiri atopa ndi magemu a makampani akuluakulu, ndipo akuthamangira magemu opangidwa ndi munthu mmodzi kapena kagulu ka anthu ochepa, omwe amatchedwa indie.

Dandaulo loyamba ndi mtengo. M'chaka cha 2020, pamene makina a PlayStation 5 anatuluka, magemu ena atsopano anafika pa madola 70, ndalama zoposa mameticais 4,000. Mu 2025 kampani ya Nintendo ya ku Japan inagulitsa gemu ya Mario Kart World pa madola 80.

Dandaulo lachiwiri ndi kubwereza zomwezomwezo. Gemu ya mpira ya FIFA, yomwe kuyambira 2023 imatchedwa EA Sports FC, imatuluka chaka ndi chaka, ndipo ogula ambiri amati chosintha chenicheni ndi maina a osewera ndi mayunifomu basi. Kuwonjezera apo, magemu ena amapemphanso ndalama munthu atagula kale. Wosewera amalipira kabokosi asakudziwa chimene chili mkati. Mu 2018 akuluakulu oona za juga ku Belgium anagamula kuti mchitidwewu ndi juga.

Gwero la vutoli ndi lakuti gemu imodzi yaikulu imadya zaka zingapo, antchito mazanamazana ndi madola mamiliyoni ochuluka. Mwini ndalama zoterozo amaopa kuyesa zachilendo, choncho amatsata zimene zinagulidwa kale. Komabe mantha sanawapulumutse onse. Kampani ya Sony inatulutsa gemu ya Concord pa 23 Ogasiti 2024, nkuitseka pa 6 Seputembala chifukwa chosowa osewera. Ogula anabwezeredwa ndalama zao, ndipo gulu limene linaipanga linathetsedwa. Mu Januwale chaka chomwecho, Microsoft inachotsa ntchito anthu 1,900 a mbali ya magemu.

Kwa opanga magemu ang'onoang'ono nkhani ndi ina. Eric Barone wa ku America anagwira ntchito yekha zaka zoposa zinayi, kujambula zithunzi, kupeka nyimbo ndi kulemba zonse za pa kompyuta. Gemu yake ya Stardew Valley inatuluka mu 2016, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 inali itagulidwa koposa 41 miliyoni. Nkhani yake alimi angaseke nayo: munthu wotopa ndi ntchito ya mu ofesi akupita kumudzi kukalandira munda wosiyidwa ndi agogo ake. Amalima, kuthirira mbewu, kuweta nkhuku ndi ng'ombe, ndi kuwedza nsomba. Ntchito imene mlimi wa ku Angónia amadzukira m'mamawa, anthu a m'mizinda ya kunja amalipira kuti aisewere.

Nayo Minecraft inayambidwa ndi Markus Persson wa ku Sweden mu 2009, ndipo Microsoft inagula kampani yake mu 2014 pa madola 2.5 biliyoni. Mu Seputembala 2025 kagulu ka Team Cherry ka ku Australia kanatulutsa Hollow Knight: Silksong pa madola 20 okha, ndipo ogula anachuluka mpaka msika wa pa intaneti wa Steam unasokonezeka.

Africa nayo sinatsalire. Kiro'o Games ya ku Cameroon inatulutsa Aurion mu 2016, ndipo Nyamakop ya ku South Africa inatulutsa Semblance mu 2018.

Koma si onse amene amapeza mwayi. Pa Steam pamatuluka magemu oposa 10,000 pa chaka, ndipo ambiri amazimirira osadziwika, eni ake atataya nthawi ndi ndalama.

Kwa kholo limene mwana walipempha ndalama ya gemu, mafunso ofunika ndi awiri: kodi gemuyo idzapemphanso ndalama ina mkati, nanga imafuna intaneti nthawi zonse? Stardew Valley ya pa foni imalipiridwa kamodzi, ndipo imaseweredwa ngakhale kumene netiweki sifika.