Chingwe cha anthu awiri: ntchito ya woperekeza wothamanga wosaona

Pa masewera a Paralympics amene anachitikira mumzinda wa Sydney, m'dziko la Australia, m'chaka cha 2000, anthu oonerera anaona zachilendo kumapeto kwa mpikisano wa mamita 5,000 wa amuna osaona. Mnyamata wa ku Kenya, Henry Wanyoike, anali patsogolo, koma munthu amene ankamuperekeza, yemwe sanali kupeza bwino m'thupi, anatha mphamvu mzere womaliza uli pafupi. Wosaona uja ndiye anayamba kukoka woona. Anafika onse awiri, ndipo Wanyoike anapata mendulo ya golide.

Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri ngati yoseketsa, komabe ikuonetsa poyera pamene pagona vuto la masewerawa. Wothamanga wosaona, kaya akhale ndi liwiro lotani, sangafike msanga kuposa munthu amene wagwirizana naye chingwe. Pa mipikisano ya mtunda wautali yofuna kupeza ndalama zachifundo, zithunzi zimene zimatuluka m'manyuzipepala zimakhala za wosaonayo, pamene mnzake wa pambali ambiri sadziwa n'komwe dzina lake.

Wanyoike anabadwa m'chaka cha 1974 ku Kikuyu, kufupi ndi mzinda wa Nairobi, ndipo ali pasukulu ankadziwika kale ndi liwiro. Pa 1 May 1995 anadzuka m'mawa ali mumdima, matenda a sitiroko atamuwononga mitsempha ya maso. Anali asanakwanitse zaka 21. Patapita nthawi analandira uphungu ku chipatala cha maso cha ku Kikuyu, kenaka anapita kusukulu ya ntchito zamanja ya anthu osaona ku Machakos, kumene anaphunzira kuluka majuzi pa makina. Kumeneko n'kumenenso anayambiranso kuthamanga, ndipo funso la yemwe angathamange naye linabuka nthawi yomweyo.

Zimene malamulo amanena

Bungwe loyendetsa masewera a anthu olumala padziko lonse limagawa othamanga a vuto la maso m'magulu atatu. Gulu la T11 ndi la amene saona konse kapena amangozindikira kuwala. Awa amavala chophimba m'maso kuti onse afanane, ndipo n'lamulo kuti akhale ndi woperekeza. A gulu la T12 amaona pang'ono, choncho amasankha okha kukhala naye kapena ayi. A gulu la T13 amaonako bwino poyerekeza ndi enawo. M'gulu lomalizali ndi mmene munali Taonere Banda, Mmalawi woyamba kupikisana nawo pa Paralympics, ku Rio de Janeiro m'chaka cha 2016.

Anthu awiriwa amalumikizana ndi kachingwe kokhala ndi zigwinjiri ziwiri kumapeto, kamene aliyense amakoleka kudzanja. Kachingweka sikayenera kukhala kotamuka ngati mphira, ndipo ndi kakafupi kwambiri: pa mipikisano yovomerezeka sikapitirira masentimita 30 m'bwalo ndi masentimita 50 pamsewu. Woperekeza saloledwa kukankha, kukoka kapena kuponyera mnzakeyo kutsogolo. Saloledwanso kuwoloka mzere womaliza iye asanawoloke. Akatero, onse awiri amachotsedwa mumpikisano.

Chifukwa cha lamulo limeneli tasankha kunena kuti "woperekeza" m'malo mwa "wotsogolera", ngakhale kuti mawu achiwiriwa ndi amene amabwera msanga pakamwa. Timati mwana akutsogolera agogo ake osaona, iye patsogolo atagwira nsonga ya ndodo, agogowo pambuyo. Pa liwiro zinthu sizikhala choncho. Ulendo ndi wa wosaonayo, ndiye amene amasankha pofulumira ndi pochepetsa liwiro, ndipo winayo amayenda pambali monga amachitira munthu woperekeza mlendo, amene sayiwala kuti ulendowo si wake.

Maso, wotchi ndi pakamwa

Chingwe chimanena zochepa chabe. Chikakungika pang'ono kumanzere, wothamanga amadziwa kuti msewu ukukhota. Chikalendewera, amadziwa kuti ali pamalo ake. Zambiri zimadutsa pakamwa. Woperekeza amalankhula pafupifupi ulendo wonse: kuti kutsogoloku kuli chitunda, kuti phula latha ndipo kukubwera miyala, kuti pali dzenje limene ayenera kulilambalala, kuti munthu wina akubwera mofulumira kudzanja lamanja. Chenjezo liyenera kufika mapazi asanafike. Ambiri amawerenga chobwerera, zitatu, ziwiri, chimodzi, kuti mnzawoyo akweze phazi pa nthawi yake. Kunena kuti "samala" sikuthandiza kanthu, popeza mawuwa sanena chimene chili kutsogolo kapena mbali imene chili. Woperekeza ndiyenso wotchi: amatchula nthawi ya kilomita iliyonse ndi mtunda umene watsala.

Miyendo nayo ili ndi mwambo wake. Wothamanga akakhala kumanzere ndipo woperekeza kumanja, mwendo wamanja wa woyambayo umaponda limodzi ndi mwendo wamanzere wa winayo, kuti manja ogwira chingwe azipita kutsogolo ndi kumbuyo pamodzi. Akasemphana, chingwe chimayamba kugwedeza mapewa, ndipo pa mtunda wa makilomita ambiri kugwedeza kumeneko kumadya mphamvu. Anthu osiyana kwambiri msinkhu amavutika kuti azolowerane, ndipo ena sazolowerana mpaka kalekale.

Malo oopsa pa marathoni, mpikisano wa makilomita 42 ndi mamita 195, si zitunda ayi. Ndi poyambira, pamene anthu zikwizikwi amapanikizana ndipo wina angayese kudutsa pakati pa awiriwo osaona chingwe, komanso pomwera madzi, pamene othamanga amaima mwadzidzidzi ndipo pansi pamaterera ndi makapu otayidwa. Apa woperekeza amatenga madzi a anthu awiri ndi dzanja limodzi, kwinaku akupempha njira. Amamwa pomaliza ndi iyeyo.

Tsiku la mpikisano lili ndi ubwino wake, chifukwa misewu imakhala yotseka. Masiku ambiri ndi okonzekera, ndipo aliyense wodziwa misewu ya m'matauni a kuno, ya maenje, ngalande zosavindikira, maminibasi ndi njinga zonyamula anthu, angaone kukula kwa udindowo. Wothamanga woona akafuna kudzuka m'bandakucha amangomanga nsapato n'kutuluka. Wosaona amadikira kuti wina agogode pachitseko, ndipo winayo akadwala kapena akapita ku maliro, tsikulo lapita.

Mnzake wa paubwana

Wanyoike atabwerako ku Sydney, amene anakhala woperekeza wake wokhazikika ndi Joseph Kibunja, mnzake wa paubwana, amene ntchito yake inali ya ukalipentala. Kibunja anachita kudziphunzitsa liwiro la akatswiri kuti akwanitse udindowu. Pa masewera a ku Athens m'chaka cha 2004, Wanyoike anapata golide pa mamita 5,000 ndi pa mamita 10,000, ndipo pa mitunda yonse iwiri anaposa nthawi imene wosaona wina aliyense anali atathamangapo.

Chaka chotsatira, mwezi wa April, anathamanga marathoni a ku London m'maola 2, mphindi 32 ndi masekondi 51. Patangopita sabata imodzi, ku Hamburg m'dziko la Germany, anamaliza m'maola 2, mphindi 31 ndi masekondi 31. Izi zikutanthauza mphindi 3 ndi masekondi pafupifupi 35 pa kilomita iliyonse, kosalekeza. Munthu woperekeza pa liwiro lotere ayenera kukhala woti payekha angathamange mofulumirirapo, pakuti amafunika mpweya wotsala wolankhulira ndi mutu wosatopa woonera msewu. Mwachidule, pamafunika katswiri amene wavomera kuti sadzafika poyamba. Anthu otere sapezeka wambawamba, ngakhale ku Kenya kumene othamanga ali mbwee. N'chifukwa chake malamulo amalola operekeza awiri osinthana pa mitunda yoyambira mamita 5,000 kupita mtsogolo.

Kwa zaka zambiri operekeza sankalandira mendulo. Pa masewera othamanga a Paralympics anayamba kupatsidwa ku London m'chaka cha 2012, choncho Kibunja sanavale golide wa ku Athens. M'chigawo chino cha Africa, amene apindula ndi kusinthaku ndi monga Even Tjiviju, amene anaperekeza Ananias Shikongo wa ku Namibia popata golide pa mamita 200 ku Rio de Janeiro, ndi Sem Shimanda, amene anathamanga ndi Lahja Ishitile, wa ku Namibia komweko, pa golide wa mamita 400 ku Paris m'chaka cha 2024.

Ku Paris komweko kunachitika chinthu chimene chinautsa mkangano pa za chingwechi. Elena Congost wa ku Spain, amene anapambana marathoni a gulu la T12 m'chaka cha 2016, anali pa nambala yachitatu pamene womuperekeza, Mia Carol, anagwidwa ndi kukokana kwa minofu n'kuyamba kudzandira. Kutatsala mamita ochepa, Congost anataya chingwe kwa kamphindi kuti amugwire asagwe. Oweruza anamulanda mendulo n'kuipereka kwa Misato Michishita wa ku Japan. Lamulolo analitsatira molondola, ndipo cholinga chake n'chomveka: kuti wina asaponyedwe kutsogolo pomaliza. Koma n'kovuta kuona phindu limene Congost anapeza pochedwa kuti achirikize munthu wotopa.

Kumene ndalama zimachokera

Ambiri mwa osaona amene amathamanga mitunda yaitali si akatswiri a mendulo. Ndi aphunzitsi, ogwira ntchito m'maofesi ndi ophunzira amene amalowa mpikisano kuti apezere ndalama bungwe lina. Mchitidwewu si wachilendo kwa amene anayendapo ndawala yomangira tchalitchi kapena sukulu: munthu amalengeza mtunda umene adzayende, ndipo abale, anzake ndi makampani amalonjeza kupereka. Kusiyana kwake ndi kukula. Marathoni a ku London, amene anayamba m'chaka cha 1981, anali atasonkhanitsa ndalama zachifundo zoposa mapaundi 1 biliyoni pofika m'chaka cha 2019. Pa mipikisano yotere malamulo a chingwe sakhwima ngati pa Paralympics, ndipo operekeza ambiri ndi anthu ongodzipereka. Mabungwe monga Achilles International, limene linakhazikitsidwa ku New York m'chaka cha 1983, amagwira ntchito yolumikiza othamanga olumala ndi anthu oterewa.

Wanyoike ndi Kibunja analowa m'ntchito imeneyi pa mlingo waukulu. Banki ya Standard Chartered inayambitsa m'chaka cha 2003 ndondomeko yotchedwa Seeing is Believing, yolimbana ndi khungu lopeweka, ndipo awiriwa anakhala akazembe ake. Anathamanga m'mipikisano imene bankiyo inkathandiza, monga ku Nairobi, Singapore ndi Hong Kong, n'kumayenderanso masukulu ndi zipatala. Pofika m'chaka cha 2018 ndondomekoyo inali itasonkhanitsa madola 100 miliyoni a ku America. Wanyoike anathandizanso bungwe la Light for the World, ndipo kwawo anakhazikitsa bungwe la dzina lake, limene linayambitsa mpikisano wa ku Kikuyu wotchedwa Hope for the Future Run. Ndalama zina za mphoto zake anagulira makina olukira majuzi kuti anzake osaona apeze chochita.

Chifukwa chimene mabungwe a za maso amakondera othamanga otere n'chosabisika. Lipoti la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO la m'chaka cha 2019 linati anthu osachepera 2.2 biliyoni ali ndi vuto la maso, ndipo mwa iwo osachepera 1 biliyoni vuto lawo likanapeweka kapena silinalandire chithandizo. Nambala zotere sizigwira mtima wa munthu. Anthu awiri othamanga atagwirana chingwe amaugwira, ndipo matumba amatseguka.

Pamenepa m'pofunika kusamala. Wosaona akasandutsidwa chithunzi chomvetsa chisoni, mpikisano umabweretsa ndalama koma umalimbikitsa maganizo omwe aja akuti iye ndi wongothandizidwa. Zoona zake n'zakuti pa ndawala zoterezi wopereka thandizo ndi iyeyo. Chinanso n'chakuti okonza mipikisano ndi opereka ndalama amaiwala kuwerengera munthu wachiwiri. Ulendo uliwonse umafuna matikiti awiri, malo ogona a anthu awiri ndi nsapato za anthu awiri, ndipo woperekeza amene wasiya ntchito yake kwa milungu yokonzekera ali ndi banja lofuna kudya. Bungwe limene likufuna kugwiritsa ntchito dzina la wothamanga wosaona liyenera kuika ndalama za woperekeza mu bajeti kuyambira pachiyambi, osati kudalira ubwenzi wa awiriwo.

Gawo lalikulu la ndalama zosonkhanitsidwa motere limapita ku maopaleshoni a ng'ala, matenda amene amachititsa khungu anthu ambiri kuposa ena onse padziko lapansi. Dokotala amachotsa kagalasi ka m'diso kamene kachita chifunga n'kuikamo kena kochita kupanga. Ntchitoyi kawirikawiri sifika theka la ola, ndipo wodwala amayamba kuona akamasula bandeji tsiku lotsatira. Opaleshoni imeneyi singathandize Wanyoike mwini wake, chifukwa vuto lake lili m'mitsempha yotumiza zithunzi ku ubongo, imene madokotala sanapezebe njira yoibwezeretsera.