Kodi mwana wa ku Insaca ayambe sukulu m'chinenero chanji?

Chaka chilichonse sukulu zikamatsegulira, ana a m'midzi yozungulira Insaca, likulu la boma la Mecanhelas, amalowa m'kalasi yoyamba akudziwa kale zambiri. Mwana wa zaka 6 wa kuno amatha kuwerenga mbuzi za kwawo zikamalowa m'khola, amasiyanitsa matemba ndi mlamba, amapereka moni kwa akulu ndiponso amaimba nthano imene agogo ake adamuphunzitsa. Zonsezi amazidziwa m'Chinyanja, m'Chimakuwa kapena m'Chiyao. Koma m'sukulu zambiri akangokhala pansi aphunzitsi amayamba kumulankhula m'Chipwitikizi, ndipo mwana amene kunyumba ndi wolongolola amangoti kakasi.

Pansi pa nkhaniyi pali funso loti kodi mwana amaphunzira motani. Pali mfundo yakalekale imene aphunzitsi amauzidwa pamene akuphunzira ntchito yawo, yoti pophunzitsa munthu umayambira pa chimene akuchidziwa n'kupita naye ku chimene sakuchidziwa. Chinthu chachikulu chimene mwana amachoka nacho kunyumba ndi chinenero cha amake. N'chifukwa chake m'chaka cha 1953 bungwe la UNESCO lidalangiza maiko kuti ana aziyamba sukulu m'chinenero chimene adayamwira.

Dziko la Mozambique lidatenga nthawi yaitali kuti liyese malangizowa. M'nthawi ya atsamunda, potsatira pangano la 1940 pakati pa dziko la Portugal ndi Vatican, maphunziro a anthu akuda adaperekedwa m'manja mwa mishoni za Katolika. Lamulo linali loti ana aziphunzira m'Chipwitikizi, ndipo zinenero za makolo zinkaloledwa pophunzitsa za chipembedzo. Pomwe dzikoli linkalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu opitirira 90 mwa 100 aliwonse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga.

Boma la a Samora Machel lidatsegula sukulu zambiri ndi kuyambitsa maphunziro a akuluakulu, koma lidasunga Chipwitikizi pofuna kuti mitundu yonse ya m'dziko muno imvane pa chinenero chimodzi. Cholingacho chinali chabwino, koma katundu wake adasenza ndi ana, pakuti kalembera wa 1980 adapeza kuti munthu mmodzi yekha mwa 100 ndiye adayamwira Chipwitikizi.

Anthu a m'malire muno adaona njira ina ndi maso awo. M'zaka za nkhondo anthu pafupifupi 1 miliyoni adathawira ku Malawi, ndipo ana amene adalowa sukulu za m'midzi ya kumeneko adapeza akuphunzitsa m'Chichewa kuyambira sitandade 1 mpaka 4, monga zinkachitikira kuyambira 1968. Mtendere utabwera ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anawo adabwerera kwawo akutha kuwerenga kalata, Baibulo ndi buku la nyimbo m'chinenero chimene amalankhula.

Chaka chotsatira, 1993, nthambi ya boma yokonza za maphunziro ya INDE idayambitsa ntchito yoyeserera yotchedwa PEBIMO, imene idatha mu 1997. M'sukulu zingapo za m'chigawo cha Tete ana adayamba kuphunzira m'Chinyanja, ndipo ku Gaza m'Chichangana, Chipwitikizi n'kumalowa pang'onopang'ono. Amene adafufuza ntchitoyi adapeza kuti anawo ankayankha mafunso, nawonso n'kumafunsa, ndipo makolo adakondwera nazo. Mu 2003 boma lidayambitsa maphunziro a zinenero ziwiri m'sukulu zochepa za kumidzi, ndipo Chinyanja, Chiyao ndi Chimakuwa zinali pakati pa zinenero 16 zimene zidasankhidwa. Kuno ku Niassa ndi ku Cabo Delgado bungwe la Progresso lidathandiza kukonza mabuku ndi kuphunzitsa aphunzitsi.

Malinga ndi dongosolo limene lidakhazikitsidwa nthawiyo, kuyambira kalasi yoyamba mpaka yachitatu mwana amaphunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu m'chinenero cha kwawo. Chipwitikizi amachiyamba m'kalasi yoyamba momwemo, koma poyamba ndi pakamwa pokha, kumva ndi kulankhula. Akafika kalasi yachinayi, Chipwitikizi chimayamba kutenga malo pophunzitsira, pamene chinenero cha kwawo chimapitirira ngati phunziro.

Nzeru yake ndi yoti munthu amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha pa moyo wake. Mwana akalumikiza zilembo n'kutulutsa mawu oti nsomba, nthawi yomweyo amaona nsombayo m'maganizo mwake, ndipo amazindikira kuti zolembedwa pa bolodi ndi mawu omwewo amene amalankhula kunyumba. Mnzake amene wapatsidwa mawu oti peixe asanawamvepo wasenza mitolo iwiri: kulumikiza zilembo ndi kufufuza tanthauzo. Ambiri otere amangoloweza, n'kumabwereza mokweza zimene aphunzitsi anena, koma akafunsidwa kuti zikutanthauzanji amayang'ana pansi. Woyamba uja akadzafika pa Chipwitikizi sayambiranso. Zilembo akuzidziwa kale, chatsala ndi mawu atsopano.

Komabe makolo ena ali ndi nkhawa, ndipo nkhawa yawo si yachabe. Iwo amati Chinyanja mwana amachidziwa kale, chimene adamutumizira kusukulu ndi Chipwitikizi, pakuti mayeso a m'makalasi apamwamba, makalata a boma ndi ntchito ku Cuamba, ku Lichinga kapena ku Nampula zonse zimafuna chinenero chimenecho. Amanenanso za ku Malawi komwe, kumene lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira, ndipo mu 2014 boma lidalengeza kuti ziyambire sitandade 1.

Mbali zonse ziwirizi zikufuna chinthu chimodzi, kuti mwana adzadziwe bwino Chipwitikizi. Kusiyana kuli pa njira. Kalembera wa 2017 adapeza kuti anthu pafupifupi 17 mwa 100 ndiwo adayamwira Chipwitikizi, ndipo ambiri a iwo ali m'mizinda. Mwana wa ku Maputo amachimva kunyumba, pamsewu ndi pamsika. Mwana wa ku Entre Lagos kapena ku Chiuta amachimva maola ochepa m'kalasi, akatuluka n'kubwerera ku chinenero cha amake. Kuwaphunzitsa awiriwa mofanana ndiko kumulakwira wakumudziyo.

Izi sizikutanthauza kuti njirayi ilibe minga. A Feliciano Chimbutane a ku yunivesite ya Eduardo Mondlane, amene adatulutsa buku mu 2011 atakhala m'makalasi a zinenero ziwiri ku Gaza, adapeza kuti ana ankamasuka pophunzira m'chinenero chawo, koma nthawi yosinthira ku Chipwitikizi ikakwana ambiri ankavutika, ndipo mabuku anali osowa. Akatswiri ambiri amati zaka 3 n'zochepa, mwana amafunika zaka 6 kapena kupitirira kuti chinenero chachiwiri achigwire mokwanira kuphunziramo masamu ndi sayansi. M'boma ngati la Mecanhelas muli vuto linanso: kalasi imodzi ikhoza kukhala ndi ana a zinenero zitatu, pamene aphunzitsi ake achokera kudera la chinenero china. Kumasulira apa ndi apo pofuna kuthandiza ana sikofanana ndi kukhala ndi aphunzitsi ophunzira ntchitoyi ndi mabuku okwanira.

Mfundo yoyambira pa zimene mwana akudziwa simathera pa chinenero. Mphunzitsi wotchuka wa ku Brazil, Paulo Freire, ankadzudzula kaphunzitsidwe komutenga mwana ngati kosungirako ndalama, kumene aphunzitsi amangoikako nzeru kuti adzazitapenso tsiku la mayeso. Iye ankafuna kuti wophunzira azifunsa ndi kukambirana za moyo wake weniweni. Dongosolo la maphunziro la 2004 lidatsegula khomo limeneli posiya maola 20 mwa maola 100 aliwonse kuti ana aziphunzira za m'dera lawo, mothandizidwa ndi anthu a m'mudzi.

Kuno zophunzitsa sizisowa. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo idaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Msodzi wachikulire amene adaona zaka zimenezo atha kufotokozera ana mmene madzi adathawira ndi mmene nsomba zidabwererera, aphunzitsi n'kuonjezerapo za mvula, dzuwa ndi mitengo ya m'mphepete mwa mitsinje. Mayi wogulitsa mpunga amene amasintha meticais ndi makwacha pamalire a Nayuchi ali ndi masamu amene mwana angawamve msanga kuposa a m'buku. Koma anthu amenewa angalowe m'kalasi pokhapokha chinenero chawo chitaloledwa kulowamo.

Lamulo la maphunziro la 2018 lidavomereza maphunziro a zinenero ziwiri kukhala njira imodzi ya sukulu za m'dziko muno, ndipo lidalamula kuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi ya 9. Choncho makolo ali ndi poyambira. Pamsonkhano wa khonsolo ya sukulu, mmene makolo ndi atsogoleri a m'mudzi ali ndi mipando, atha kufunsa ngati sukulu yawo ili ndi kalasi ya zinenero ziwiri, ngati mabuku ake adafika, ndiponso ngati aphunzitsi a kalasi yoyamba amamva chinenero cha ana. Kunyumba, kholo ngakhale losadziwa Chipwitikizi litha kumuuza mwana kuti afotokoze m'chinenero chawo zimene waphunzira tsikulo. Akatha kufotokoza ndiye kuti wamva; akangobwereza mawu a aphunzitsi, pakufunika kukaonana nawo chaka chisanapite patali. Paja akuluakulu adati m'mera mpoyamba.