Nyumba Zopanda Utsi za ku Llŷn

Kumpoto chakumadzulo kwa Wales, kumene dera la Llŷn limalowerera m'nyanja, kuli midzi imene m'nyengo yotentha imasefukira ndi magalimoto ndi mabwato a anthu ochokera ku Manchester ndi Cheshire, koma chisanu chikangofika, munthu atha kutha msewu wathunthu madzulo osaona nyali pazenera. Nyumbazo eni ake alipo, koma ndi eni a patchuthi, amene anazigula pa mtengo umene mwana wobadwira pomwepo, woweta nkhosa kapena woyala mabedi m'hotela, sangaulote n'komwe. M'mudzi wa Abersoch sukulu ya pulayimale, imene inkaphunzitsa m'Chiwelishi, inatsekedwa kumapeto kwa 2021 itatsala ndi ana osakwana 10.

Mkwiyo wa eni nthaka si wa dzulo ayi. Akuluakulu akukumbukirabe mudzi wa Capel Celyn, umene unamizidwa mu 1965 kuti mzinda wa Liverpool umwe madzi; ndipo kuyambira Disembala 1979 kufikira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, kagulu kam'tseri kotchedwa Meibion Glyndŵr kanaika moto pa nyumba za patchuthi zoposa 200. Lero motowo unazima, mlandu unasamukira kumsonkho, pakuti kuyambira Epulo 2023 makhonsolo analoledwa kuwonjezera msonkho wa nyumba zotere kufikira 300 peresenti, ndipo khonsolo ya Gwynedd, kumene kuli Llŷn, inaika 150. Komatu chimene chimawawitsa mtima koposa ndicho chinenero. Kalembera wa 2021 anapeza olankhula Chiwelishi 538,300 m'Wales monse, pamene mu 2011 analipo 562,000. Ndipo ochidziwa bwino amaona mmene chimafookera m'sitolo ndi pamsonkhano wa mudzi, pamene anthu asanu amasiya chinenero cha makolo awo mwaulemu chabe, chifukwa wachisanu n'chimodzi sakumva.

Koma wonena kuti anthu amenewa amada mlendo wawachitira umboni wonama. Mu 1970 dokotala wina wobadwira ku Manchester, Carl Clowes, anadza kudzagwira ntchito m'mudzi wa Llanaelhaearn, napeza sukulu ili pafupi kutsekedwa ndiponso achinyamata akuthawira kumatauni. Ndipo iye, m'malo mopenyerera monga wodutsa, anaima pamodzi ndi eni mudzi kufikira sukuluyo inapulumuka, nakhazikitsa nawo bungwe la Antur Aelhaearn mu 1974, limene anthu wamba anagulamo masheya kuti ntchito zipezeke kwawo komweko. Ndiye yemweyo anatsogolera kuukitsa Nant Gwrtheyrn, mudzi wa oswa miyala umene unasanduka bwinja m'chigwa cha m'mbali mwa nyanja, kuti ukhale malo ophunzitsirako akuluakulu Chiwelishi. Akale sananame pamene anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Ana a obwera nawonso saponyedwa m'kalasi ali chinunu. Ku Gwynedd amayamba atumizidwa kumalo apadera kumene amaphunzira Chiwelishi chokhachokha kwa milungu ingapo, ndipo pobwerera kusukulu ya m'mudzi ambiri amakhala atasanduka omasulira a makolo awo.

Ngakhale zili tero, wobwera amene waphunzira kupereka moni ndi kuimba nawo m'kwaya wagulabe nyumba ndi ndalama za ku England, ndipo mtengo sutsika chifukwa cha ulemu wake. N'chifukwa chake anthu a ku Nefyn anatuluka m'misewu ndi zikwangwani za Hawl i Fyw Adra (ufulu wokhala kwathu), kupempha boma kuti ana awo akhale ndi pokhala m'mudzi umene anabadwira.