Ophunzira ochokera kutali ndi zithunzi za m'mapanga a ku Mphunzi

Likafika Lachisanu masana, ophunzira akunja amene ali m'Malawi muno amayamba kufunsana za kolowera mawa lake. Ena ndi ophunzira udokotala ochokera ku Ulaya, amene abwera kudzazolowera ntchito kwa milungu ingapo pa chipatala cha Nkhoma kapena pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Ena ndi a m'maiko a mu Africa momwe muno, amene akuchita maphunziro apamwamba a zaulimi ndi za nsomba ku Bunda. Yankho lofulumira limakhala la kunyanja: ku Senga Bay, kapena ku Cape Maclear kwa amene ali ndi masiku okwanira. Koma alipo ena amene amalongedza majuzi ndi nsapato zokwerera phiri, n'kukwera minibasi yolowera kummwera mumsewu wa M1. Amenewa amakhala akufuna ku Mphunzi, m'mapiri ozizira a ku Dedza.

Anthu a m'deralo amadziwa Mphunzi ngati phiri la miyala ikuluikulu, komanso ngati mishoni ya CCAP ya Sinodi ya Nkhoma, imene amishonale a Dutch Reformed ochokera ku South Africa anaikhazikitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Akunja amaidziwa pa chifukwa china. M'mapanga ndi pansi pa matanthwe a phirili muli malo 8 amene anthu akale anajambulapo zithunzi. Malowa ndi mbali ya dera la Chongoni, lokula masikweya kilomita 126, m'mene muli malo ojambulidwa okwana 127. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaika Chongoni pa mndandanda wa malo amene ndi chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo anali malo achiwiri a m'Malawi kulowa pa mndandandawu, kutsatira Lake Malawi National Park imene inalowa mu 1984. Mwa malo onsewo, amene alendo amaonetsedwa kawirikawiri ndi atatu: Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi.

Ulendo wake ndi wotheka tsiku limodzi. Kuchokera ku Lilongwe kukafika pa boma la Dedza ndi makilomita pafupifupi 85, koma wopita ku Mphunzi amapatuka asanafike pabomapo, n'kulowa msewu wafumbi wa kumadzulo. Amene alibe galimoto amatsika minibasi n'kukwera kabaza wanjinga yamoto. M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, msewuwo umaterera ndipo ulendo umatalika. M'mwezi wa Juni ndi Julaye msewu umakhala wouma, koma mphepo yake ndi yolasa mafupa, poti dera la Dedza lili pamtunda wa mamita oposa 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. Wophunzira wa ku Ulaya amene ankaganiza kuti ku Africa kulibe chisanu amaphunzira phunziro loyamba ali pakabaza.

Phunziro lachiwiri ndi la ulemu. Njira ya kuphiri imadutsa m'midzi ndi m'minda ya anthu, m'mizere ya chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere. Mlendo sangolowa ngati kwawo. Amafuna munthu wodziwa malowo woti amutsogolere, ndipo akakumana ndi gogo akuchokera kudimba amaima n'kupereka moni: "Muli bwanji agogo?" Mawu ochepa a Chichewa amene wophunzira anatola m'wodi ya chipatala kapena m'chipinda chogona ku koleji amagwira ntchito yaikulu pamenepa.

Akafika pathanthwe, chinthu choyamba chimene maso amaona ndi zithunzi zoyera, chifukwa n'zikuluzikulu ndipo zimaonekera patali. Zofiira zimafuna kudekha. Munthu amayenera kuima kaye, maso azolowere mthunzi wa phanga, ndiye pang'onopang'ono pamatuluka mizere yoyendera limodzi, madontho, zozungulira zokhala ndi zinzake m'kati, zina zotulutsa timizere m'mbali ngati dzuwa, zina zooneka ngati makwerero. Zofiirazi ndizo zakale kwambiri. Amene anazijambula ndi zala, pogwiritsa ntchito utoto wa dothi lofiira, ndi anthu amene Achewa amawatcha Akafula, ena amati Abatwa, omwe nthano za agogo zimawakumbukira ndi dzina loti Amwandionerapati. Anali alenje ndi otola zipatso za m'tchire, ndipo zofukulidwa pansi m'dera la Chongoni zikuonetsa kuti anali kale m'mapangamu zaka 2,500 zapitazo. Alimi odziwa kusula chitsulo atafika, Akafula sanathe nthawi yomweyo. Anakhala moyandikana nawo kwa zaka mazanamazana, mpaka cha m'ma 1800.

Zoyerazo ndi za Achewa. Utoto wake ndi dothi loyera, lopakidwa mochindikala ndi chala. Zambiri ndi zilombo zoonedwa kuchokera pamwamba, miyendo inayi itatambasuka, mchira uli pansi, ngati chikopa cha mbuzi chimene achikhomera padzuwa kuti chiume. Wina amaona buluzi, wina ng'ona, wina nanzikambe, ndipo zina zili ndi madontho akuda pamsana. Alendo amakangana za dzina la chilombocho, koma funso lalikulu ndi lakuti anajambulawo ankafuna kuphunzitsa chiyani, ndipo ankaphunzitsa yani.

Mayankho ambiri amene wotsogolera alendo amapereka lero anachokera m'ntchito ya ophunzira amene anawoloka malire a maiko, ena kubwera kuno, ena kuchoka kuno n'kubwereranso.

Mu 1972, J. Desmond Clark, mphunzitsi wa pa yunivesite ya California ku Berkeley amene kale anayang'anirapo nyumba yosungira zakale ku Livingstone m'dziko la Zambia, anafukula pansi pa phanga la Mwana wa Chencherere. Anapezamo zida zamiyala, mafupa a nyama ndi mapale. Yunivesite yake yomweyo inalandira Amalawi achinyamata amene anapita kukaphunzira za kufukula zakale. Gadi Mgomezulu anamaliza digiri yake ya udokotala wa maphunziro mu 1978, ndipo nkhani imene analemba inali ya kwawo kuno: chiyambi cha ulimi m'dera la Linthipe ndi Chongoni. Yusuf Juwayeyi anamaliza yake mu 1981. Patapita zaka iye anafukula ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza lomweli, kumene kunali likulu la mafumu a Kalonga, ndipo anapezako mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndi mapale a mbale zochokera ku China. Buku lake la mbiri yoyambirira ya Achewa linatuluka mu 2020. Anyamata awiriwa anakaona America, koma zimene anabwera nazo zinali njira zowerengera nthaka ya kwawo.

Kenako kunabwera a mbali inayo. Benjamin Smith, wophunzira wa ku Cambridge ku England, anayenda m'mapiri a Dedza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, phanga ndi phanga, akulemba ndi kujambula chilichonse chimene anapeza, n'kuchiyerekeza ndi zithunzi za ku Kasama ku Zambia. Anamaliza digiri yake mu 1995. Ntchito yakeyo inathandiza kusiyanitsa bwino magulu a zithunzizi, ndipo kuchuluka kwa malo amene analembedwa kunapatsa Malawi umboni wokapereka ku UNESCO. Smith anadzakhala mkulu wa Rock Art Research Institute pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, ndipo kumeneko kunafika mtsikana wina wochokera ku Mexico, Leslie Zubieta, amene anali kale kutali ndi kwawo pamene anakweranso ulendo wa ku Dedza.

Zubieta anachita chimene amuna ofufuza sakanatha. Anakhala pansi ndi amayi achikulire, anamkungwi amene amalangiza atsikana ku chinamwali, n'kumva kwa iwo eni ake. Kafukufuku wake wa phanga la Mwana wa Chencherere anasindikizidwa ku Leiden m'dziko la Netherlands mu 2006, ndipo mu 2009 anamaliza digiri ina yokhudza zithunzi za chinamwali m'chigawo chapakati cha Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia. Iye anaonetsa kuti zilombo zoyera zotambasukazo zinali zida zophunzitsira. Namwali akatengedwa kupita kumalo obisika, anamkungwi ankagwiritsa ntchito zithunzi, nyimbo ndi zoumba zadothi kuti mwambo ukhazikike m'mutu mwake: za thupi lake, za ukhondo, za banja, za ulemu kwa akulu. Zimenezi ndizo zimapangitsa Chongoni kukhala malo osowa padziko lapansi. M'maiko ambiri anthu amene anajambula pamiyala anatha kalekale, koma kuno zidzukulu zawo zikulima m'munsi mwa phiri lomwelo, ndipo chinamwali chikuchitikabe ngakhale kujambula pamiyala kunaleka.

N'chifukwa chake wophunzira wofunsa kwambiri amafika pena pamene wotsogolera amangomwetulira osayankha. Sikuti sadziwa kanthu ayi. Za kutsimba sizikambidwa pabwalo, ndipo mwamuna sangamasulire mwambo wa amayi pamaso pa alendo. Chimodzimodzinso ku Namzeze, kumene zithunzi zoyera ndi za Nyau. Kumeneko kuli zilombo za Gule Wamkulu monga kasiyamaliro, komanso chithunzi cha galimoto, chimene chimasonyeza kuti kujambulaku kunafika m'zaka za m'ma 1900. Matthew Schoffeleers ndi N. E. Lindgren analemba za ubale wa zithunzizi ndi Nyau mu 1978. Akatswiri amati zinachuluka pa nthawi imene gule ankaponderezedwa, poyamba ndi Angoni, kenako ndi amishonale ndi boma la atsamunda, moti amuna a kudambwe anasamutsira maphunziro awo m'mapanga. Gule yemweyo, amene ankabisala m'mapiri, UNESCO inamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse.

Amene ali ndi Loweruka ndi Lamulungu lonse amalumikiza Mphunzi ndi malo ena. Amagona pa boma la Dedza, kumene kuli Dedza Pottery, malo oumba makapu ndi mbale amene anayamba mu 1987. M'mawa ena amakwera phiri la Dedza, lotalika mamita 2,198, ndipo kukakhala kopanda nkhungu amaona midzi ya ku Mozambique tsidya la malire. Ena amatsika msewu wokhotakhota wa Golomoti kupita ku Mua, mishoni ya Akatolika ya mu 1902, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976. M'nyumba ya Chamare kumeneko muli zigoba za gule mazanamazana, ndipo amene dzulo lake anaona kasiyamaliro wojambulidwa pamwala amamvetsa bwino zimene anaona.

Chomvetsa chisoni n'chakuti miyalayi ikuwonongeka. Boma linayamba kuteteza ena mwa mapangawa mu 1969, koma lamulo silinaletse manja. Ku Chencherere, kumene n'kosavuta kufikako, maina a anthu olembedwa ndi makala ndi choko anakwirira mbali ya zithunzi zimene zinapirira mvula ya zaka mazana. Utsi wa moto wosonkhedwa m'phanga umadetsa thanthwe. Thukuta la m'manja limasungunula dothi loyera, ndipo kuthira madzi pachithunzi kuti chioneke bwino pafoni kumachipha msanga. Kudula mitengo yotchinga pakhomo la phanga kumalowetsa dzuwa ndi mvula pamene kale sizinkafika. Nthambi ya boma yoona za nyumba zosungira zakale ndi zipilala ndiyo ili ndi udindo wosamalira malowa, koma malo 127 omwazikana m'mapiri sangalonderedwe ndi ogwira ntchito m'boma okha. Mlendo amene walipira bwino womutsogolera, n'kugula mbatata kapena nthochi m'mudzi, amapatsa anthu a pafupi chifukwa chooneka choletsera mwana kulemba dzina lake pathanthwe.

Ntchito yofufuza nayonso siinathe. Zaka za zithunzi zofiira akatswiri amaziyerekeza kuchokera ku zinthu zofukulidwa pansi pa mapanga, ndipo tanthauzo lake, limene ena amalilumikiza ndi mvula ndi kubereka, likadali nkhani yokambirana. Anamkungwi amene anamva kwa agogo awo za kujambula pamiyala akutha mmodzimmodzi. Amene angawafunse bwino koposa ndi mtsikana wolankhula Chichewa chawo chomwecho, wodziwa kugwada popereka moni, wodziwanso zoyenera kulemba ndi zoyenera kusiya kutsimba.

Ophunzira otere sali kutali. Koleji ya zankhalango ndi nyama zakutchire ili m'nkhalango ya Chongoni momwemo. Sekondale ya boma ya Dedza, yotchuka ndi dzina loti Box 48, yakhala m'derali kuyambira mu 1951, ndipo pa Mphunzi penipeni pali ana asukulu amene amaona phirili tsiku ndi tsiku. Ku yunivesite ya Malawi ku Zomba ndi ku yunivesite ya Mzuzu kuli maphunziro a mbiri yakale ndi chikhalidwe. Mphunzitsi wa ku Dedza, ku Lilongwe kapena ku Ntcheu amene akufuna kutengera kalasi yake ku Mphunzi akufunika minibasi imodzi, kamba wa masana, munthu wowatsogolera wokonzedweratu, ndi tsiku louma la pakati pa Meyi ndi Okutobala.