KOMPYUTA IKAYAMBA KUDYA ZILEMBO, MANKHWALA AKE NDI BATANI LIMODZI

Kale munthu wa ku Domwe kapena ku Tsangano akafuna kutumiza uthenga kutali ankalemba papepala n'kupatsira wapaulendo. Masiku ano makalata ambiri amayenda pa imelo. Mlembi wa bungwe la alimi amauza ogula a ku Tete kapena ku Beira kuchuluka kwa mbatata ndi nyemba zimene zilipo, wophunzira amatumiza pempho la ntchito, ndipo kholo limalembera mwana amene ali ku Johannesburg. Ambiri mwa anthu amenewa alibe kompyuta yawoyawo. Amapita ku Ulongwe kapena pa boma lina, n'kulipira nthawi yoti akhale pa makina a eni ake.

Pamenepo m'pomwe ena amakumana ndi chodabwitsa. Munthu walemba kalata yake bwinobwino, kenaka waona kuti pakati wasiya liwu. Wabwerera kuti aliwonjezere, koma chilembo chilichonse chimene akulemba chikumeza chinzake chakutsogolo. Akamapitiriza, mzere wonse ukutha ngati chimanga cholowa anankafumbwe. Ena amaganiza kuti makinawo agwidwa ndi vairasi, ena amaopa kuti aononga katundu wa eni ndipo alipiritsidwa. Koma kawirikawiri kompyutayo imakhala ilibe vuto lililonse.

Gwero lake

Kompyuta ili ndi njira ziwiri zolandirira zilembo. Njira yoyamba, imene anthu anazolowera, ndi yakuti chilembo chatsopano chimakankhira zinzake kutsogolo n'kudzipezera malo. Njira yachiwiri ndi yakuti chatsopanocho chimakhala pamalo pa chakale, ndipo chakalecho chimafufutika. Chimene chimasintha njira ziwirizi ndi batani lolembedwa kuti Insert, kapena mwachidule Ins.

Batanili si lachilendo. Pamene kampani ya IBM inatulutsa kompyuta yake ya PC mu 1981, linalipo kale, likugawana malo ndi nambala 0 kudzanja lamanja. Pa kiyibodi ya mabatani 101 imene inabwera pambuyo pake, Insert linapatsidwa malo akeake, pamwamba pa Delete ndiponso moyandikana ndi Backspace. Awiriwa ndiwo mabatani ofufutira, choncho munthu amene akukonza cholakwa mofulumira chala chake chimatha kuterereka n'kugunda Insert iye osadziwa. Njira yofufutayi inali yothandiza kwa alembi odzaza mafomu ndi mizere ya manambala, pamene chilembo chilichonse chinali ndi malo ake osayenera kusuntha.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti vutoli limabisala. Munthu akamalemba kumapeto kwa mawu ake saona kanthu, pakuti kutsogolo kulibe chomeza. Limaonekera pokhapokha akabwerera pakati. Ndipo pa makina ogwiritsa ntchito anthu ambiri, n'kutheka kuti amene anagunda batanilo ndi munthu wina amene wachoka kale.

Kuopsa kwake kuli pa manambala

Liwu likadyeka, wowerenga amatha kuzindikira kuti palakwika. Nambala ikadyeka siioneka kuti yavulala. Mlembi amene walemba kuti “matumba 50” pamene amafuna kunena 150 amabwerera kutsogolo kwa 5 n'kulemba 1. Ngati makina ali pa njira yofufuta, pamatsala “matumba 10”. Wogula akawerenga zimenezo satumiza galimoto ulendo wonse wochokera ku Tete chifukwa cha matumba khumi, ndipo mbatata ya anthu imatha kuolera m'mphepete mwa msewu.

N'chimodzimodzinso ndi nambala ya NUIT, imene ili ndi manambala 9, nambala ya chitupa cha BI, kapena nambala ya foni yolandirira ndalama pa M-Pesa ndi e-Mola. Nambala imodzi yokha ikasintha, pempho limabwezedwa, mwinanso ndalama zimakafika kwa munthu wosadziwika.

Kakonzedwe kake

Choyamba ndi kuleka kulemba nthawi yomweyo. Kenaka munthu adine batani la Insert kamodzi kokha. Kulidina kawiri n'kubwezeretsa vuto lomwe lija, chifukwa limagwira ntchito ngati swichi ya magetsi. Akatero ayese kulemba chilembo chimodzi pakati pa liwu, aone ngati zinzake zikusuntha.

Mawu amene adyeka kale sabwera okha. Wolemba agwire batani la Ctrl n'kudina Z, ndipo abwereze mpaka zimene zinafufutika zitabwerera.

Pa laputopu malo ndi ochepa, motero Ins nthawi zambiri limalembedwa m'tizilembo ting'onoting'ono pa batani la ntchito ina. Zikatero pamafunika kugwira Fn n'kudina batanilo. Pa kiyibodi yaikulu pali msampha wina: Num Lock ikazimitsidwa, nambala 0 ya kudzanja lamanja imasanduka Insert, kotero munthu amene akuyesa kulemba ziro amayatsa vutoli yekha. Ngati batanilo lafa kapena lamatirira ndi fumbi, Windows 10 ndi Windows 11 ali ndi kiyibodi yoonekera pa sikirini. Imatseguka podina pamodzi Ctrl, batani la chizindikiro cha Windows ndi O, ndipo Insert lili pomwepo.

Amene amalemba pa Microsoft Word ali ndi njira yotsekeratu khomo. Apite pa File, kenaka Options, kenaka Advanced. Pa makina a Chipwitikizi mawu ake ndi Ficheiro, Opções ndi Avançadas. Pamenepo pali timabokosi tiwiri totchula “overtype”, kamodzi koyatsa njira yofufuta, kena kolola batani la Insert kuiyatsa. Achotse chizindikiro m'tonse tiwiri. Kuyambira pa Word 2007 kampani ya Microsoft imatulutsa pulogalamuyi timabokosito tili tozimitsa, koma munthu wina atha kukhala atatiyatsa. Pa Outlook ya pakompyuta timabokosi tomweti timapezeka pansi pa Mail ndi Editor Options. Pa LibreOffice Writer, mzere wa m'munsi mwa sikirini umasonyeza ngati njira yofufuta yayaka.

Ngati si Insert

Makiyibodi a Apple a masiku ano alibe batani la Insert, ndipo kiyibodi ya pa foni nayonso ilibe. Komabe mawu amatha kusowa m'njira ina. Mawu akasankhidwa, kutanthauza kuti aphimbidwa ndi mtundu wa buluu, chilembo choyamba chimene munthu walemba chimawafufuta onse pamodzi. Pa laputopu zimenezi zimachitika chikhatho chikakhudza kabwalo koyendetsera muvi kamene kali m'munsi mwa mabatani. Mankhwala ake ndi Ctrl ndi Z yemwe uja, ndi kukweza manja polemba.

Asanatumize

Imelo ikapita yapita. Gmail imapereka mpata wobweza kalata, koma supitirira masekondi 30. N'chifukwa chake wolemba ayenera kuwerenganso kalata yonse asanadine batani lotumizira, makamaka manambala, akuyerekeza ndi zimene zili pa chitupa kapena m'kaundula wa bungwe. Amene akulembetsa kalata kwa mnzake apemphe kuti amuwerengere mokweza, nambala iliyonse payokhapayokha.

Ndipo amene zamuvuta asachite manyazi kuitana mwini makina. Ena amafufuta kalata yonse n'kuyambiranso, nthawi yolipira ikutha, pamene chofunika chinali chala chimodzi pa batani limodzi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.